Manambala otsatizana ndi ndondomeko ya ntchito: zikukumana pati?

Woyang'anira gulu:
Moni nonse apagulu. Sabata ino tikambirane za ndondomeko. Ana a sekondale amaphunzira manambala otsatizana, monga 3, 7, 11, 15, amalemba mayeso a MSCE, basi n'kuiwala. Pomwe pa ntchito tsiku lililonse timamva kuti "tsatani ndondomeko". Kodi n'dzina lokha limene likufanana, kapena masamu akenso ndi amodzi? Aphunzitsi tiyambireni. Chonde aliyense abwere ndi manambala, osati kungotiuza kuti kukonzekera n'kwabwino.

Aphunzitsi a Masamu:
Zikomo. Tiyambe tasiyanitsa mulu ndi ndondomeko. Kapepala ka zogula kumsika, mchere, tomato, anyezi, mafuta, ndi mulu chabe: muyambire paliponse, mubwera ndi zomwezo. Pa ndondomeko chilichonse chili ndi malo ake, ndipo mukasinthanitsa ziwiri mwapanga chinthu china.

Pa mayeso pamabwera mitundu iwiri. Wina umakula powonjezera nambala yomweyomweyo, m'mabuku amati arithmetic progression. Pa 3, 7, 11, 15 tikuwonjezera 4. Yoyambayo tiitche a, yowonjezerayo d, ndiye ya pa malo n ndi a + (n − 1)d. Ya pa malo 20 ndi 3 + 19 × 4 = 79. Mtundu winawo umakula pochulukitsa, geometric progression: 5, 10, 20, 40.

Kachidutswa koti n − 1 ndi kamene kamagwetsa ana. Amalemba 3 + 20 × 4 = 83. Kuchoka pa nambala yoyamba kukafika pa ya 20 mumadumpha ka 19, chifukwa pa yoyambapo mwaimapo kale.

Folomani:
Aphunzitsi, n − 1 wanuyo ndi amene amabweza anthu ku hadiweya kawiri. Mpanda wa waya wautali mamita 30, mapolo otalikirana mamita 3. Wopupuluma amagawa 30 ndi 3, n'kugula 10. Ofunika ndi 11, chifukwa 10 ija ndi mipata, si mapolo. Koma musaloweze kuti nthawi zonse tiziwonjezera limodzi. Mukazunguliza puloti yonse, mamita 120, mapolo ndi 40 ndendende, popeza lomaliza ndi lomwe lija munayambira. Pa denga zimatembenukanso. Nyumba ya mamita 12, matrasi, matabwa okhomedwa pamodzi onyamula denga, otalikirana mamita 1.2: mipata 10, malo 11. Ngati mbali zonse ziwiri kuli khoma la gebulo lokwera mpaka pamwamba, malo awiri akumapetowo atengedwa ndi khoma, matrasi ndi 9. Musanagule, jambulani mzere, muikepo timadontho, muone ngati nsonga ziwirizo zikufuna katundu kapena ayi.

Pa khoma ndiye pali arithmetic progression yeniyeni. Njerwa yokhuthala 65 mm ndi matope a 10 mm, kosi iliyonse, ndiye kuti mzere umodzi wa njerwa, imakwera 75 mm: 75, 150, 225. Felemu ya chitseko ya 2,100 mm imathera pa kosi ya 28 ndendende. Mmisiri akamaika matope a 12 mm, palibe angaone ndi maso, koma 2 mm kuchulukitsa 28 ndi 56 mm, ndipo lintala, chogwiriza khoma pamwamba pa chitseko, ikapendama. Mabuloko amakwera 200 mm pa kosi, ndiye 2,100 imagwera pa kosi 10 ndi theka. Theka limenelo liganiziridwe musanayambe, osati mutafika pa lintala. Mankhwala ake ndi thabwa lolembedwa mizere ya makosi, loimikidwa pa ngodya iliyonse.

Nankhoma:
Kumunda n'chimodzimodzi. Mizere yotalikirana 75 cm, mapando otalikirana 25 cm, mbewu imodzi pa phando, zimapereka chimanga pafupifupi 53,000 pa hekitala: 10,000 kugawa ndi 0.75 × 0.25. Mzere wa mamita 30 uli ndi mapando 121.

Koma yosangalatsa ndi ya nkhuku za nyama. Tinene kuti mukufuna kugulitsa masabata awiri aliwonse osadukiza. Anapiye amalowa pa sabata 0, 2, 4, 6, 8. Nkhuku zimakhala m'khola masabata 6, kenako khola lichotsedwe utuchi, litsukidwe, lipoperedwe mankhwala, lipume masabata 2. Khola limodzi ndiye latanganidwa masabata 8, ndipo 8 kugawa 2 ndi makola 4. Ambiri amangowerenga 6 kugawa 2, n'kumanga atatu. Pa sabata 6 anapiye atsopano afika, khola loyamba likutuluka nkhuku tsiku lomwelo, ndiye amangowathira pa utuchi wakale. Matenda a gumboro ndi chitopa akalowa, amayenda kuchoka pa gulu lina kupita pa lina mpaka mutaimitsa zonse. Nthawi yoti khola likhale lopanda kanthu iwerengedwe ngati ntchito.

Msungichuma:
Mtundu wochulukitsa uja tiusiye? Uli pa ngongole. K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi. Ngati chikuwerengedwa pa ndalama yoyamba yokha: 120,000, 140,000, 160,000, 180,000. Ngati chiwongoladzanja nachonso chikubala: 120,000, 144,000, 172,800, 207,360. Mwezi woyamba n'zofanana, wachiwiri zasiyana ndi K4,000 yokha, n'chifukwa chake anthu sazindikira msanga. Pofika mwezi wachinayi ngongole yaposa kawiri. Pa banki m'khonde malamulo anene momveka kuti wochedwa kubweza awerengeredwa mtundu uti, apo ayi tsiku logawana pamakhala phokoso.

Aphunzitsi a Masamu:
A Msungichuma akhudza nkhani yaikulu: manambala ochepa oyambirira sakuuzani lamulo. Ndikalemba 2, 4, 8, nonse muti 16. Koma 14 ndi yolondolanso, ngati tikuwonjezera 2, kenako 4, kenako 6. Pali chitsanzo chotchuka. Ikani madontho pa mkombero wa bwalo, mulumikize lililonse ndi linzake ndi mizere yowongoka, osalola mizere itatu kudutsana pamalo amodzi, muwerenge zigawo. Kuyambira pa dontho limodzi mpaka madontho 5 mupeza 1, 2, 4, 8, 16. Pa madontho 6 mudikira 32, koma zigawo ndi 31. Pa 7 ndi 57.

Tsono ndondomeko imafotokozedwa njira ziwiri. Ina imakupatsani nambala ya pa malo alionse mwachindunji, ngati a + (n − 1)d. Ina imati nambala iliyonse ipezeke kuchokera kwa zam'mbuyo mwake. Ya Fibonacci ndi yotero: 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, iliyonse ndi kuwonkhetsa ziwiri zapitazo. Leonardo wa ku Pisa anaifotokoza mu 1202 pa funso la kuswana kwa akalulu, ngakhale akatswiri a ndakatulo ku India anali ataidziwa kale. Pa njira yachiwiriyi simungadumphe. Kuti mupeze ya 10 muyenera kudutsa zisanu ndi zinayi zoyambazo.

Injiniya:
Pamenepo ndi pomwe pali yankho la funso la a Woyang'anira. Ndondomeko ya ntchito ndi ya mtundu wachiwiriwo. Tsiku loyambira ntchito iliyonse silichokera pa kalendala, limachokera pa ntchito zimene ikudikira. Kusiyana kwake ndi Fibonacci n'koti sitiwonkhetsa zam'mbuyozo, timatenga imene yachedwa kwambiri. Lamulo lonse ndi ili: ntchito imayamba tsiku limene yomaliza mwa zimene ikudikira yatha, ndipo imatha mukawonjezerapo masiku ake.

Nayi nyumba yaing'ono. Masiku ndi ongoyerekezera, aliyense aike ake.

A. Kukumba maziko, 3
B. Konkire wa pansi ndi kumudikira, 3, pambuyo pa A
C. Khoma la maziko, kuthira dothi ndi kutsindira, 5, pambuyo pa B
D. Mapaipi a madzi oipa odutsa pansi, 2, pambuyo pa C
E. Silabu ndi kuithirira madzi, 8, pambuyo pa D
F. Mafelemu kwa wowotcherera, 14, sadikira chilichonse
G. Makoma mpaka pa lintala, 12, pambuyo pa E ndi F
H. Bimu ndi magebulo, 6, pambuyo pa G
I. Kukhoma matrasi pansi, 5, pambuyo pa C
J. Denga, 6, pambuyo pa H ndi I
K. Mapaipi a magetsi ndi madzi m'khoma, 4, pambuyo pa H
L. Pulasitala, 10, pambuyo pa J ndi K
M. Kudikira pulasitala aume, 21, pambuyo pa L
N. Penti, 5, pambuyo pa M

Mukawonkhetsa zonse mupeza masiku 104, koma nyumba sitenga 104. Tsatani lamulo lija. A itha pa 3, B pa 6, C pa 11, D pa 13, E pa 21. F itha pa 14. G ikudikira E ndi F, yochedwa ndi E, ndiye iyamba pa 21 n'kutha pa 33. H itha pa 39, J pa 45, K pa 43. L idikira J, itha pa 55. M pa 76, N pa 81. Nyumba ndi ya masiku 81, ndipo unyolo umene wapanga 81 ndi A, B, C, D, E, G, H, J, L, M, N. Iliyonse mwa izi ikachedwa tsiku limodzi, nyumba yachedwa tsiku limodzi. Zitatu zotsalazo zili ndi mpata: F masiku 7, K masiku 2, I masiku 23.

Njirayi imatchedwa critical path method. Anaikonza ku America cha mu 1957 James Kelley wa Remington Rand ndi Morgan Walker wa DuPont, ndipo mu 1958 asilikali a pamadzi a dzikolo anapanga inzake yotchedwa PERT pa ntchito ya mizinga ya Polaris. Koma pepala ndi pensulo n'zokwanira pa nyumba.

Folomani:
Achimwene, F ija ndiye msampha. Palibe amaganiza za mafelemu pamene akukumba maziko, chifukwa chitseko chimaoneka ngati chakumapeto. Koma felemu yachitsulo imamangidwira m'khoma, timakutu take timalowa m'makosi. Ngati oda sinaperekedwe pofika tsiku la 7, amisiri akhala pansi, kapena asiya mabowo kuti adzalowetse pambuyo pake, zomwe ndi kugumula ndi kumata, felemu n'kumagwedera. D nayo: mukathira silabu musanaike mapaipi, mudzaswa konkire ndi tchizulo. K: mukapaka pulasitala wamagetsi asanadule mizere yake, chigamba chidzaonekera pansi pa penti mpaka kalekale.

Kalipentala:
I ali ndi mpata wa masiku 23, zoona, koma musaufulumirire. Matrasi a paini akakhomedwa pa tsiku la 11 n'kugona padzuwa milungu itatu amapindika, ndipo denga limatuluka ndi mafunde. Akhomedwe cha pa tsiku la 30, matabwa atapakidwa mankhwala a chiswe, osanjikidwa pamthunzi pa timitengo. Pomwe F ndi bwino ayambe msanga, chifukwa magetsi akazima kwa wowotcherera mpata wa masiku 7 umatha osaona.

Nankhoma:
Funso kwa a Injiniya. Mwininyumba akufuna kulowa msanga, ali ndi ndalama yowonjezera anthu. Awaike pati?

Injiniya:
Amayi, pa unyolo wautali pokha, ndipo osati paliponse. Kuwonjezera anthu pa K kapena I n'kutaya ndalama, 81 sasuntha. Pa E ndi M anthu sathandizanso. Simenti silimba chifukwa chouma, imalimba pogwirana ndi madzi, n'chifukwa chake konkire amathiriridwa masiku osachepera 7 ndipo mphamvu yake imayezedwa pa masiku 28. Mubweretse anthu 50, masikuwo ndi omwewo. Penti pa pulasitala wonyowa amatupa n'kusupuka, ndipo pamatuluka mchere woyera.

Potsala ndi ntchito monga G, J ndi L. Koma onani chimachitika pa J. Mwawonjezera makalipentala, denga latsika kuchoka pa masiku 6 kufika 3, latha pa 42. Mwapindula masiku atatu? Awiri okha, chifukwa K akutha pa 43, ndipo tsopano pulasitala akudikira wamagetsi. Unyolo wasamuka. Mukafupikitsa chilichonse, werengeraninso kuyambira pamwamba.

M asakhale masiku 21 ongokhala. Siling'i, matailosi, magalasi, dzenje la sepitiki, zonsezo zilowe m'menemo.

Msungichuma:
Ine ndikutsutsako pang'ono. Masamu amenewa akuyesa kuti ndalama zilipo tsiku lililonse ndipo amisiri ndi ambiri. Nyumba zambiri kuno zimamangidwa ndi malipiro a pamwezi, ndipo womanga ndi wopaka pulasitala ndi munthu mmodzi. Ntchito ziwiri zimene papepala zikuyendera limodzi, zikafuna munthu yemweyo kapena wilibala yomweyo, zimasanduka zotsatizana.

Injiniya:
Simunalakwe. Pamenepo mumalemba kuti imodzi mwa ntchito ziwirizo ikudikira inzake, n'kuwerenganso. Ndalama nazo zilembedwe ngati ntchito: "kudikira malipiro", masiku akuti, malata asanagulidwe. Choyenera kusankha ndi poimira. Pa silabu mutha kuima chaka. Denga likafoleredwa mutha kuimanso. Koipa kuimira ndi pamene makoma akwera opanda bimu, kapena matrasi ali pamwamba opanda malata, mvula ya Disembala ili pafupi. Ngati denga liyenera kutha pofika pa 15 Novembala ndipo limatha pa tsiku la 45, bwererani m'mbuyo masiku 45 ogwira ntchito. Pa masiku 6 pa sabata ndi milungu 7 ndi theka, ndiye khasu lilowe pansi chakumapeto kwa Seputembala, ndipo apo mulibe mpata ngakhale wa maliro amodzi.

Aphunzitsi a Masamu:
Wina angafunse kuti mndandanda wa A mpaka N umapezeka bwanji poyamba. Lembani ntchito iliyonse pa kapepala kake, pansi pake mulembe zimene ikudikira. Tolani timapepala tonse topanda chodikira, muike kutsogolo. Fufutani mayina awo pa totsalato. Pena patuluka topanda chodikira tatsopano, tolaninso, mpaka tithe. Mukafika poti timapepala tilipo koma kalikonse kakudikira kanzake, ndiye pali chizungulire: wamagetsi akuti ayamba siling'i ikaikidwa, wa siling'i akuti ayamba mawaya akadutsa. Chimamasuka poidula ntchito imodzi pawiri. Kukoka mawaya kubwere siling'i isanaikidwe, kuika mababu ndi maswitchi kubwere pambuyo.

Mayi Telala:
Zonsezi ndi pamene ntchito ina ikudikira inzake. Nanga pamene zonse zili zokonzeka, nkhani n'kusankha yoyamba? Shopu ili ndi wodula mmodzi ndi wosoka mmodzi. Maoda anayi, maola odulira ndi osokera: malaya 1 ndi 3, diresi 3 ndi 6, suti 7 ndi 5, thalauza 4 ndi 2. Chovala chilichonse chimayamba kwa wodula.

Mukatsata mmene zabwerera, tinene thalauza, suti, diresi, malaya: wosoka adikira maola 4, asoka thalauza mpaka 6, akhalanso mpaka 11 kudikira suti, amaliza suti pa 16, diresi pa 22, malaya pa 25.

Lamulo la S. M. Johnson la mu 1954 limati: yang'anani nambala yaing'ono kwambiri pa zonse. Ngati ili kodula, chovalacho chipite kutsogolo. Ngati ili kosoka, chipite kumapeto. Chichotseni, mubwerezenso. Yaing'ono ndi 1, kodula, malaya ayambe. Yotsatira ndi 2, kosoka, thalauza litsirize. Kenako 3, kodula, diresi ikhale yachiwiri. Suti yatsala pachitatu. Wosoka ayamba pa ola 1, malaya atha pa 4, diresi pa 10, adikira ola limodzi, suti itha pa 16, thalauza pa 18. Maola 18 m'malo mwa 25, anthu omwewo, makina omwewo. Chifukwa chake n'choonekeratu: kumayambiriro mukufuna wosoka apeze chogwira msanga, kumapeto mukufuna wodula akamaliza pasatsale zambiri.

Kalipentala:
Amayi, bwanji osangoyesa njira zonse n'kusankha yabwino?

Aphunzitsi a Masamu:
Pa zinayi n'zotheka, njira ndi 4 × 3 × 2 × 1 = 24. Pa zisanu ndi 120. Pa khumi ndi 3,628,800. Ndondomeko imeneyi imathamanga kuposa ngongole ya a Msungichuma. Dziwaninso kuti lamulo la Johnson limatsimikizika pa masiteji awiri. Mukawonjezera wosita ngati wachitatu, silikulonjezaninso kuti mwapeza njira yoposa zonse.

Msungichuma:
Pa siteji imodzi, monga pachigayo, lamulo ndi lina: yaifupi iyambe. Anthu atatu, wa mphindi 20, wa 10 ndi wa 5. Wamatumba akayamba, amaliza pa 20, 30, 35, zonse pamodzi 85. Wakachidebe akayamba, 5, 15, 35, pamodzi 55. Chigayo chagwira mphindi 35 zomwezo, koma kudikira kwachepa. Vuto lake, azidebe akamangobwerabe, wamatumba adzagaya dzuwa litalowa, ndipo sadzabweranso. Ndiye pamafunika malire, mwina kuti munthu asadumphidwe koposa kawiri.

Mayi Telala:
Ndipo diresi ya ukwati wa Loweruka siyang'ana Johnson. Chokhala ndi tsiku lake chiikidwe kaye pamalo pake, lamulo ligwire pa zotsalazo.

Woyang'anira gulu:
Ka ntchito kakunyumba, pa nyumba ya a Injiniya ija. Wowotcherera walandira oda pa tsiku la 10, ndipo wamagetsi watenga masiku 7 m'malo mwa 4. Nyumba itha liti?

Kalipentala:
Mafelemu achedwa 10, wamagetsi 3. 81 + 13 = 94.

Nankhoma:
Ayi achimwene, mwaiwala mipata. F itha pa 24, E inatha pa 21, ndiye G yachedwa masiku 3 okha: iyamba pa 24, itha pa 36, H pa 42. Denga litha pa 48, wamagetsi pa 49. Pulasitala adikira wamagetsi, ayamba pa 49, atha pa 59. Kuuma mpaka 80, penti mpaka 85.

Folomani:
85 ndi yolondola. Komabe masiku atatu odikira mafelemuwo amisiri asakhale. Ayambe ngodya ndi makoma aatali opanda zitseko, asiye mano pamene felemu idzalowe. Mukailemba G ngati ntchito ziwiri, ya makoma opanda felemu yodikira E yokha ndi ya makoma a zitseko yodikira F, atatu aja abwerera ndipo mupeza 82. A Injiniya muonenso ngati ndawerenga bwino.

Injiniya:
82, bola gawo loyambalo likhale ndi ntchito yokwana masiku atatu. Pa nyumba ya zipinda zing'onozing'ono zitseko zimayandikana, khoma lopanda felemu limatha tsiku limodzi ndi theka, ndiye yezani pa pulani musanalonjeze mwininyumba.